Thumba Lokhala ndi Dzanja la Boma: Zimene Tingaphunzire ku Malaysia

Ambiri a ife amene tikuchita maphunziro a uphunzitsi tili ndi chizolowezi chimodzi: timawerengeratu malipiro amene sitinayambe kulandira. Tikakhala pansi madzulo titachoka ku chakudya, wina amati mwezi woyamba adzagula matilesi, wina foni, wina malata ofolera nyumba ya mayi ake kumudzi. Nkhani ikafika pa kusunga ndalama, mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti, "Ine ndidzaika pamene pali dzanja la boma, chifukwa boma silithawa." Mawuwa amathetsa mkangano msanga, poti tonse tinamvapo za anthu amene anagwira njakata atapereka ndalama zawo kwa munthu wolonjeza kuti zidzaswana kawiri pa mwezi umodzi.

Koma kodi dzanja la boma limatanthauza chiyani? Kodi ndiye kuti ndalama sizingatayike? Kodi phindu lake limakhala lofanana chaka ndi chaka? Nanga n'chifukwa chiyani matumba ena otere amaletsa munthu kuika ndalama zoposa mlingo wakutiwakuti? Pofuna kuyankha mafunsowa tasankha chitsanzo cha dziko la Malaysia, kumene anthu mamiliyoni ambiri akhala akusunga ndalama m'matumba okhazikitsidwa ndi boma kwa zaka zoposa 40. Tinene poyambirira kuti matumbawa ndi a nzika za Malaysia zokha. Ife sitingalowemo, ndipo aliyense amene angatiuze pa WhatsApp kuti atilowetsamo ndi wabodza. Chimene tingatengeko ndi nzeru ya kafunsidwe ka mafunso tisanaike ndalama zathu pena paliponse.

Unit trust ndi chiyani?

Tonse tikuidziwa banki m'khonde. Anthu amasonkha ndalama, ena amabwereka, ndipo pakutha pa chaka amagawana malinga ndi masheya amene aliyense anagula. Unit trust imayendera nzeru yomweyo ya kusonkha, koma imasiyana m'zinthu zitatu. Choyamba, anthu ake ndi ochuluka zedi ndipo sadziwana. Chachiwiri, ndalama sizibwerekedwa kwa mamembala koma zimaperekedwa kwa akatswiri amene amagulira masheya a makampani, ngongole za boma ndi katundu wina wobereka phindu. Chachitatu, pamakhala bungwe lina lapadera losunga katunduyo m'malo mwa eni ndalama, kuti woyendetsa thumba asachite naye zimene wafuna.

Thumba lonse limagawidwa m'timagawo ting'onoting'ono tofanana totchedwa mayunitsi. Munthu akaika ndalama, amakhala wagula mayunitsi, ndipo akafuna ndalama zake amagulitsa mayunitsiwo kwa woyendetsa thumba. Ubwino wake ndi wakuti munthu wa ndalama zochepa amakhala ndi kagawo m'makampani ambiri nthawi imodzi. Kampani imodzi ikagwa, zina zimamugwirira. Payekha sakanatha kugula masheya m'makampani 50, ndipo mwina sakanadziwa n'komwe kuti kampani yabwino ndi iti.

Mmene zinayambira

Mbiri ya matumba a ku Malaysia imayamba ndi tsoka. Dzikoli linalamulidwa ndi Angerezi monga ifenso, ndipo pamene linkalandira ufulu, minda ikuluikulu ya mphira ndi migodi zinali m'manja mwa makampani a ku Britain. Amene anaonapo minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje akhoza kumvetsa chithunzichi. Malonda ambiri a m'matauni ankachitidwa ndi nzika zochokera ku China, pamene Amalay ambiri anali alimi ndi asodzi osauka. Pa 13 May 1969 kunabuka zipolowe za mitundu mu mzinda wa Kuala Lumpur ndipo anthu ambiri anafa.

Boma linaona kuti gwero limodzi la mkwiyo linali kusiyana kwa chuma. Mu 1971 linayamba ndondomeko yotchedwa New Economic Policy. Chimodzi mwa zolinga zake chinali chakuti pofika 1990, anthu otchedwa Bumiputera, kutanthauza Amalay ndi mitundu ina ya eni nthaka monga ya ku Sabah ndi Sarawak, akhale ndi 30 peresenti ya masheya a makampani a m'dzikomo. Mu 1970 anali ndi gawo losafika ndi 3 peresenti yomwe.

Vuto linali lakuti munthu wosauka akapatsidwa masheya pa mtengo wotsika, amawagulitsa msanga kuti apeze ndalama ya lero, ndipo masheyawo amabwereranso kwa olemera. Choncho mu 1978 boma linakhazikitsa kampani ya Permodalan Nasional Berhad, mwachidule PNB, kuti izigula masheya ndi kuwasunga m'malo mwa anthu. Wapampando wake woyamba anali Tun Ismail Mohamed Ali, amene anakhalapo mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo. Mu 1979 kunabadwa nthambi yake yoyendetsa matumba, imene lero imatchedwa Amanah Saham Nasional Berhad, kapena ASNB. Thumba loyamba, Amanah Saham Nasional, linatsegulidwa mu 1981. M'chaka chomwecho, m'mwezi wa September, PNB inachita chinthu chimene anthu a kumeneko amachikumbukira mpaka lero: m'mawa umodzi inagula masheya ochuluka a kampani ya minda ya Guthrie pa msika wa masheya wa ku London, n'kukhala mwini wamkulu wa kampaniyo Angerezi asanadzidzimuke.

Thumba lotchuka kuposa onse, Amanah Saham Bumiputera kapena ASB, linatsegulidwa mu January 1990, ndipo ndi limene tilifotokoze kwambiri pano. Lero PNB imayang'anira chuma choposa RM300 biliyoni. Ili ndi masheya ambiri mu Maybank, banki yaikulu kuposa onse m'dzikomo, ndiponso m'makampani a Sime Darby. Ndiyonso inamanga nsanja ya Merdeka 118 ku Kuala Lumpur. Ndiye kuti mphunzitsi wa kumudzi amene ali ndi mayunitsi 500 a ASB ali ndi kagawo, ngakhale kochepetsetsa, m'makampani monga Maybank ndi Sime Darby.

Yuniti yosasintha mtengo

Ndalama ya ku Malaysia imatchedwa ringgit, imalembedwa RM, ndipo ringgit imodzi ili ndi masen 100 monga kwacha ili ndi matambala 100. Chinthu chachilendo pa ASB ndi chakuti yuniti imodzi imagulidwa pa RM1 ndipo imagulitsidwanso pa RM1, lero, mawa ndi chaka chamawa. Palibe ndalama yolowera kapena yotulukira imene amadula. Munthu akhoza kutsegula akaunti ndi RM10 yokha, ku nthambi za ASNB, ku mabanki ena, ku positi ofesi kapena pa foni, ndipo makolo amatha kutsegulira ana awo.

M'matumba ambiri a unit trust pa dziko lapansi zinthu siziyenda choncho. Mtengo wa yuniti umakwera ndi kutsika potsatira mtengo wa masheya amene thumba lagula. Ukagula yuniti pa K100, mawa ikhoza kukhala K104 kapena K93. ASB inachotsa mantha amenewa. Umboni wake unaoneka mu 1997 ndi 1998, pamene chuma cha maiko a ku Asia chinagwedezeka. Muyeso wa msika wa masheya wa ku Kuala Lumpur unatsika kuchoka pa mapointi oposa 1,200 kufika pansi pa 300. Amene anagula okha masheya anataya gawo lalikulu la chuma chawo. Yuniti ya ASB inakhalabe pa RM1, ndipo thumba linagawabe phindu.

Kodi zimatheka bwanji? Masheya amene ali m'thumba amakwera ndi kutsika monga masheya ena onse. Kusiyana kwake ndi kwakuti woyendetsa thumba amayamwa kugwedezekako. M'zaka zabwino sagawa phindu lonse, amasungako lina monga mmene mlimi amasiyira chimanga m'nkhokwe, ndipo m'zaka zoipa amatapa momwemo. Njirayi imadaliranso kuti anthu ambiri asafune ndalama zawo tsiku limodzi. Pamenepa mpamene ena amadandaula kuti, popeza mtengo wolengezedwa ndi RM1 nthawi zonse, mwini mayunitsi saona tsiku ndi tsiku kulemera kwenikweni kwa katundu amene ali kumbuyo kwa yuniti yake. Amayendera chikhulupiriro chakuti nkhokwe ili ndi chimanga.

Malire a ndalama zoika

Kwa zaka zambiri munthu mmodzi sankaloledwa kugula mayunitsi a ASB oposa 200,000. Kuyambira mu January 2023 malirewa anakwezedwa kufika pa 300,000, kutanthauza RM300,000. Phindu limene thumba lagawa n'kusanduka mayunitsi atsopano siliwerengedwa pa malirewa. Choncho amene anadzaza akaunti yake kalekale akhoza kukhala ndi mayunitsi oposa malire, koma sangawonjezere ndalama yochokera m'thumba mwake.

Poyamba zimadabwitsa. Wogulitsa wanji amakana ndalama? Yankho lili pa cholinga cha thumba. Malo amene mtengo sutsika, phindu limaposa la ku banki, ndipo phindulo silidulidwa msonkho, ndi malo amene munthu wolemera angakonde kuthirako chuma chake chonse. Pakanapanda malire, anthu ochepa akanatenga gawo lalikulu la phindu, ndipo thumba lokhazikitsidwa kuti ligawe chuma likanakhala chida chochiunjikira kwa amene ali nacho kale. Chifukwa chachiwiri ndi chitetezo cha thumba lenilenilo. Munthu mmodzi wokhala ndi mayunitsi mamiliyoni 50 akafuna ndalama zake tsiku limene msika wagwa, woyendetsa thumba akhoza kukakamizika kugulitsa masheya motchipa kuti amulipire pa RM1, ndipo otsala onse angavulale. Chifukwa chachitatu ndi chakuti thumba likakula kwambiri, kumakhala kovuta kupeza malo abwino okwanira oikako ndalama zonsezo.

Komabe malire sathetsa kusiyana. Tiyerekeze kuti chaka china thumba lagawa masen 5 pa yuniti. Wa mayunitsi 300,000 alandira RM15,000. Wa mayunitsi 2,000 alandira RM100. Malipoti a pachaka a ASB amaonetsa kuti eni maakaunti ambiri ali ndi mayunitsi osaposa 5,000, pamene kagulu kochepa ndiko kali ndi gawo lalikulu la mayunitsi onse. Poona zimenezi, m'zaka zina monga 2020 ndi 2022 thumba linawonjezera kaphindu kapadera pa mayunitsi 30,000 oyamba okha, kuti osunga zochepa apindule koposa poyerekeza ndi zimene anaika.

Palinso malire a mtundu wina, okhudza amene angalowe. ASB ndi ya a Bumiputera ndi magulu ena ochepa amene malamulo a thumba amawatchula. Nzika zochokera ku China ndi ku India zili ndi matumba ena a mtengo wosasintha, monga Amanah Saham Malaysia limene linatsegulidwa mu 2000. Koma mayunitsi a m'matumba amenewa ndi owerengeka. Akatha, munthu amadikira kuti wina agulitse ake kapena kuti ASNB itulutse atsopano. Nkhaniyi imautsa mtsutso m'dzikomo mpaka lero. Ena amati n'chilungamo kukweza amene anatsalira, ena amati mwana wosauka wa mtundu wina alibe mlandu. Ndipo cholinga cha 30 peresenti chija sichinakwaniritsidwe pofika 1990: gawo la a Bumiputera linafika pafupifupi 20 peresenti.

Phindu ndi kawerengedwe kake

Chaka cha ASB chimatha pa 31 December. Chakumapeto kwa mwezi umenewo PNB imalengeza phindu limene igawe, dividendi pa chinenero cha amalonda, ndipo imalitchula m'masen pa yuniti iliyonse. Kawirikawiri pamakhalanso bonasi. Popeza yuniti ndi RM1, masen 5 ndi chimodzimodzi 5 peresenti. Phinduli silibwera m'manja. Limalowa mu akaunti ngati mayunitsi atsopano kumayambiriro kwa January, ndipo amene akulifuna amachita kukatapa.

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yakuti dividendi siwerengedwa pa ndalama imene ili mu akaunti pa tsiku lomaliza la chaka. Amatenga ndalama yochepetsetsa imene inatsala mu akaunti m'mwezi uliwonse, n'kuphatikiza miyezi yonse 12, n'kugawa ndi 12. Tione anthu atatu, phindu likhale masen 5.

Woyamba anali ndi RM1,000 chaka chonse osaikhudza. Phindu lake ndi RM50.

Wachiwiri analinso ndi RM1,000, koma pa 10 June anatapa RM600, n'kuibweza pa 20 June. Ndalama inachoka masiku 10 okha, koma mwezi wonse wa June uwerengedwa ngati munali RM400. Miyezi 11 ya RM1,000 kuphatikiza RM400 ndi RM11,400. Tikagawa ndi 12 tipeza RM950, ndipo phindu lake ndi RM47.50.

Wachitatu anamva kuti phindu lili pafupi kulengezedwa, n'kuthamanga kukaika RM1,000 pakati pa November mu akaunti imene munalibe kanthu. November awerengedwa ngati munalibe kanthu, ndipo December yekha ndiye awerengedwa. Phindu lake ndi RM4.17 basi.

Lamuloli limalanga wothamanga ndipo limadalitsa wodekha. Mphamvu yake imaoneka bwino tikawerenga zaka zambiri. Munthu woika RM100 mwezi uliwonse osatapako, phindu likamakhala 5 peresenti chaka chilichonse, pakatha zaka 10 amakhala ataika RM12,000 koma mu akaunti muli pafupifupi RM15,500. Pakatha zaka 30 amakhala ataika RM36,000 koma muli ndalama yoposa RM80,000. Yoposa theka la ndalamayo sanaigwirire ntchito. Ndi phindu limene linabereka phindu linzake. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo masamu akuvomereza.

Koma taonani kuti tanena kuti "phindu likamakhala 5 peresenti". Palibe amene analonjeza nambala imeneyo. M'zaka za m'ma 1990, dividendi ndi bonasi pamodzi zinkaposa masen 10 pa yuniti. Mu 2018 zinali masen 7. Mu 2019 zinatsika kufika pa 5.5, ndipo mu 2020, chaka cha mliri wa Covid-19, zinali 4.25 tisanawerenge kaphindu kapadera kaja. Mu 2021 zinali 5, mu 2022 zinali 4.6, mu 2023 zinali 5.25, ndipo mu 2024 zinakwera kufika pa 5.75. Kholo limene linazolowera masen 12 likanauza mwana wake kuti "thumbali limapereka 12", likanamusokeretsa popanda kunama dala. Phindu linatsika chifukwa thumba linakula kwambiri pamene ndalama zake zambiri zinali pa msika wa masheya wa m'dzikomo, umene kwa zaka zingapo sunkakula. N'chifukwa chake PNB yakhala ikuwonjezera ndalama zimene imaika kunja kwa dziko.

Boma lili kumbuyo, koma silinasaine

Tsopano tafika pa funso lathu lija. PNB ndi ya bungwe lotchedwa Yayasan Pelaburan Bumiputra, limene wapampando wake ndi nduna yaikulu ya dzikolo. Choncho dzanja la boma lilipodi. Koma palibe lamulo lonena kuti thumba likalephera, boma lidzabwezera munthu aliyense RM1 pa yuniti yake. Zikalata za ASNB zimanena poyera kuti phindu silolonjezedwa ndiponso kuti zimene thumba linachita kale si chitsimikizo cha zimene lidzachite.

Kusiyanaku kumaoneka bwino tikayerekeza ndi ndalama yosungidwa ku banki. Ku Malaysia kuli bungwe la PIDM limene limateteza ndalama za osunga ku banki mpaka RM250,000 pa munthu aliyense pa banki iliyonse. Banki ikagwa, lamulo limati munthu abwezeredwe mpaka pamenepo. Mayunitsi a ASB sali pansi pa chitetezo chimenechi, chifukwa si ndalama yosungitsa koma yochitira malonda. Chimene anthu amadalira ndi mbiri ya zaka zoposa 30 imene yuniti sinatsikepo, kuyang'anira kwa bungwe la Securities Commission, ndi kuganiza kuti palibe boma limene lingalole thumba la ovota mamiliyoni ambiri kugwa. Kuganizaku kuli ndi maziko, koma kuganiza si pangano.

Ndiye mawu akuti "la boma" akhoza kutanthauza zinthu zitatu zosiyana. Likhoza kukhala thumba limene boma linangolipatsa chiphaso. Likhoza kukhala thumba limene boma ndi mwini wake kapena linaliyambitsa. Likhozanso kukhala pangano limene boma linasaina kuti lidzalipira. ASB ili pa gulu lachiwiri. Ambiri a ife tikamati "boma silithawa" timaganiza za gulu lachitatu.

Kubwereka kuti usunge

Pali msampha wina umene uyenera kutchulidwa. Mabanki a ku Malaysia amabwereketsa ndalama yoti munthu agulire mayunitsi a ASB nthawi imodzi, n'kumabweza pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Nzeru yake ndi yakuti dividendi ikaposa chiwongoladzanja cha ngongole, kusiyanako ndi phindu la wobwereka. Pamene thumba linkapereka masen 7 kapena 8, masamuwa ankakoma. Koma dividendi imatha kutsika, ndipo chiwongoladzanja chimatha kukwera. Pakati pa May 2022 ndi May 2023, banki yaikulu ya dzikolo inakweza chiwongoladzanja chake kuchoka pa 1.75 kufika pa 3 peresenti, ndipo ngongole za m'mabanki zinakwera nawo, pamene dividendi ya 2022 inali masen 4.6. Mpata wa phindu unachepa kwambiri. Ngongole ndi pangano losainidwa limene liyenera kulipidwa mwezi ndi mwezi, pamene dividendi ndi chiyembekezo chabe. Kukhoma pangano pa chiyembekezo n'kuika mtolo wolemera pa nthambi imene sunaiyese.

Nanga kwathu kuno?

Ku Malawi tilibe thumba lofanana ndendende ndi ASB, koma tili ndi zinthu zoyandikana nalo. Pali National Investment Trust, imene inakhazikitsidwa pa nthawi yogulitsa makampani a boma ndi cholinga chakuti Amalawi wamba akhale ndi gawo m'makampani akuluakulu, ndipo inalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu 2005. Kusiyana kwake ndi kwakuti masheya ake amagulidwa ndi kugulitsidwa pa msika, choncho mtengo wake umakwera ndi kutsika. Palinso matumba a unit trust oyendetsedwa ndi makampani amene si a boma, monga Old Mutual, amene amalandira chiphaso kuchokera kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank of Malawi. Ndiyeno pali ma Treasury bill a masiku 91, 182 ndi 364, amene ndi ngongole imene boma lenilenilo limabwereka kwa anthu n'kulonjeza kubweza.

Wina akhoza kuseka masen 5 a ku Malaysia poona kuti kuno zinthu zina zimapereka 20 peresenti kapena kuposa. Apa mpofunika kusamala. Mu 2023, pamene ASB inagawa masen 5.25, mitengo ya zinthu ku Malaysia inakwera ndi pafupifupi 2.5 peresenti. Wosunga anatsala ndi phindu lenileni, chifukwa ndalama yake inkagula zambiri kuposa chaka chapitacho. Kuno m'chaka chomwecho mitengo inakwera ndi zoposa 25 peresenti, ndipo mu November kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Tiyerekeze kuti waika K100,000 pa malo opereka 20 peresenti, ndipo chaka chikutha uli ndi K120,000. Ngati katundu amene ankagulidwa K100,000 tsopano akugulidwa K130,000, nambala yako yakula koma thumba lako la sopo, shuga ndi mafuta ophikira lachepa. Boma likhoza kukubwezera kwacha iliyonse imene linalonjeza, koma silinalonjeze kuti kwachayo idzagula chiyani.

Izi sizikutanthauza kuti kusunga n'kopanda pake. Amene anasunga K100,000 yake pansi pa matilesi wataya zambiri kuposa amene analandira K120,000. Zikungotanthauza kuti nambala ya phindu payokha sinena kanthu mpaka titaiika pambali pa kukwera kwa mitengo.

Mafunso oyenera kupita nawo

Tikadzalandira malipiro oyamba aja, kapena pamene kholo, mlongo kapena mnzathu wa ku mpingo atifunsa nzeru poti ndife ophunzira, chitsanzo cha Malaysia chikutipatsa mafunso oti tiyambire.

Boma lili pati m'nkhaniyi? Linapereka chiphaso chokha, ndi mwini wake, kapena linasaina kuti lidzalipira? Tipemphe kuona pamene zalembedwa, ndipo dzina la kampani tikalitsimikize ku Reserve Bank.

Ndalama zathu zikagwira ntchito yanji? PNB imatha kutchula makampani amene ili ndi masheya ake. Woyendetsa thumba amene sangatchule kumene phindu likuchokera, mwina likuchokera m'matumba a anthu olowa pambuyo pathu.

Mtengo wa yuniti umasintha kapena ayi? Ngati susintha, ndani amayamwa kugwa kwa msika?

Phindu limawerengedwa motani, ndipo kutapa ndalama pakati pa chaka kumatidya zingati? Nanga amadula zingati polowa, potuluka ndi pa chaka, kuphatikizapo msonkho?

Kodi m'zaka 10 zapitazi phindu lakhala likuyenda bwanji, osati m'chaka chabwino chokha? Ndipo tikachotsapo kukwera kwa mitengo, chitsala n'chiyani?

Pali malire? Thumba loona limatha kukana ndalama zako chifukwa lili ndi cholinga choteteza. Wakuba sakana ndalama, ndipo amakuuza kuti ubwere ndi anzako.

Safunsa anadya phula. Posachedwapa ambiri a ife tidzaima kutsogolo kwa ana a Fomu 2 kuwaphunzitsa maperesenti ndi chiwongoladzanja chobereka chinzake. Zingakhale zochititsa manyazi kulemba masamuwo pa bolodi m'mawa, madzulo n'kukapereka malipiro athu kwa munthu amene sitinamufunse funso ndi limodzi lomwe, chifukwa chakuti pa pepala lake panali chizindikiro chooneka ngati cha boma. Wogwira ntchito wa ku Malaysia amene wapindula ndi ASB sanapindule chifukwa cha dzina la boma lokha. Anapindula chifukwa anayamba ndi zochepa, sanatape mwezi ndi mwezi, ndipo analola zaka kuti zigwire ntchito yake m'dziko limene ndalama yake sinkagwa mphamvu msanga. Ziwiri zoyambazo zili m'manja mwathu. Chachitatucho n'chifukwa chake tiyenera kuwerenga bwino tisanasaine.